Mabawuti M'thileyi ya Mazira

Corey Sobczak atatsegula boneti ya galimoto ya bambo ake Lachinayi m'mawa, anaona simenti ya pansi kudzera pamene panayenera kukhala rediyeta. Fani inalipo, injini inalipo, koma kutsogolo kwake kunali chibowo, ndipo mapaipi awiri akuda anali lendelende osagwira kanthu.

Galimotoyo inali Buick GS ya 1970, yobiriwira ngati botolo la mowa. A Tad Sobczak anaigula ali mnyamata, akugwira ntchito mufakitale yomwe inaipanga kuno ku Flint, ndipo anaisamala kuposa mmene anasamalira ukwati wawo, mapapo awo, ngakhale mwana wawo. Tsopano a Tad anali phulusa m'kabokosi pamwamba pa firiji. Lamlungu anzawo a kalabu ya magalimoto akale anali oti awaperekeze monga amachitira ndi mnzawo aliyense: galimoto ya malemu patsogolo, phulusa pampando wa kutsogolo, ena onse pambuyo, kuchokera kutchalitchi mpaka pabwalo lopanda kanthu pamene panali fakitale. Unali ulendo womaliza wa chaka. Chisanu chikangoyamba amathira mchere m'misewu, ndipo palibe amene amatulutsa galimoto yakale kuti ikadyedwe ndi dzimbiri. Pofika nyengo yofunda, nyumbayo idzakhala ya anthu ena, galimotonso chimodzimodzi.

M'chipatala a Tad sanalankhule zambiri. Za koleji imene Corey anaisiyira panjira kuti adzawadwazike sanazitchule n'komwe. Anangoti, "Ndikafike ndi injini yanga. Osandikoka."

Corey anayamba waimbira a Lyle Dombrowski, mnzawo wa bambo ake wa kufakitale, amene iye anakula akuwaitana kuti amalume. A Lyle anali ndi Buick ngati yomweyo, yofiira. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Aba rediyeta, amalume."

"Anthu alibe chisoni," anatero a Lyle. "Ndili ndi azakhali ako a Donna, lero sanadzuke bwino. Ndifunsafunsa, mwanawe."

Wapolisi amene anabwera anali mayi wamfupi, wa maso otopa, dzina lake Ybarra. Anasuzumira m'chibowomo kapu ya khofi ili m'manja.

"Amafuna kopa wa m'rediyetamo," anatero. "Mwezi uno azula mapaipi m'nyumba zonse zopanda anthu za mumsewu uno. Pofika pano yanuyo yaphwanyidwa kale, ndipo wina wagula nayo zosuta."

"Loko sanathyole, bwana."

"Kiyi amakhala pati?"

"Bambo ankabisa pansi pa njerwa."

"Njerwa ili yokhayokha pakhomo ija? Ndaiona ndisanatsike m'galimoto."

Corey anamuonetsa mapaipi. Wofuna kopa amadula ndi mpeni, madzi n'kukhuthukira pansi, iye n'kuthawa. Awa sanadulidwe. Timalamba tachitsulo towamangira tinamasulidwa bwinobwino. Pansi panali pouma. Madzi obiriwira a mu rediyeta anali m'zigubu ziwiri zotsekedwa, pashelefu yapamwamba. Ndipo pambali pa injini, pa thawulo loyalidwa kuti penti isakalike, panali thileyi ya mazira yotuwa. M'chibowo chilichonse munali bawuti imodzi ndi wochala wake, zondandalikidwa mmene zinachotsedwera.

"Wakuba wanuyu ndi waulemu," anatero Ybarra. "Wangotsala kusesa." Anamwa khofi. "Ndikuuzeni zoona, achimwene, ndilibe munthu woti ndimutume kukasaka rediyeta. Mukapeza dzina, ndiuzeni. Dzina lenileni, osati zongoganizira. Lamlungu ndine amene andiika kuti ndikutsekulireni msewu, ngati padzakhale choti nditsekulire."

Atachoka, Corey anaima kuyang'ana zigubu zija. Madzi amenewo ndi otsekemera, ndipo amapha mphaka. M'galajamo munkalowa mphaka wopanda mwini kudzera pa windo losweka, n'kumagona pa mulu wa nsanza kuseri kwa kompuresa. Munthu wongodutsa sakanadziwa zimenezo. Ankadziwa ndi okhawo amene anakhalapo m'galajamo pa zidebe zovundikira, akumwa mowa wa bambo ake.

* * *

Mayi Verna Tolliver a tsidya lina la msewu anamutsegulira asanagogode. Chiuno chinawaletsa kuyenda, choncho moyo wawo wonse unali pa windo la pabalaza.

"Wadya? Usandinamize, nkhope yako ikuoneka. Khala apo." Anamuikira mbale ya makaroni. "Ndamuona wapolisi uja. Amene uja angagwire ndani? Ngakhale chimfine sangachigwire."

"Mayi, munaona munthu akulowa m'galaja masiku apitawa?"

"Iweyo."

"Ine sindinalowemo chimwalirire cha bambo. Lero n'koyamba."

Mayi Tolliver anasiya kupukuta tebulo. "Loweruka sunali iwe? Tsiku la mwambo wa maliro lija, nonse mutapita ku holo kukadya?"

"Ndinali ku holo, pakhomo, kugwirana chanza ndi anthu."

"Ndiye kuti pemphero langa linapita kwa mbava." Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ine sindinapite, ukudziwa, chiunochi. Ndinamva chitseko cha galaja chikulira, chimalira ngati mbuzi chija. Ndinayang'ana. Chinali chokwezedwa kulekeza m'mawondo. Ndinati mwana wathawa anthu kuti akalire yekha pafupi ndi galimoto ya bambo ake. Ndinakupempherera, ndi misozi yomwe."

"Nkhope munaiona?"

"Miyendo yokha. Galimoto yake ayenera kuti anaimika kuseri, kukanjira ka zinyalala."

"Miyendo yotani?"

"Ya munthu, iwe. Ukufuna yotani?" Anatseka maso kuti akumbukire. "Anayala kachidutswa ka kapeti asanagwade. Ndinati mwana wa Tad waphunzira ukhondo liti? Ndipo podzuka anachedwa, anachita kugwira bampala. Ndinati chisoni chimakalambitsa." Anatsegula maso. "Nsapato zakuda, zopolishidwa mpaka kuwala. Buluku la suti."

Corey anaika foloko pansi.

"Eya," anatero mayi Tolliver. "Ameneyo sanali wa kopa, mwanawe. Anachokera kumaliro a bambo ako, ndipo anabwerera komweko."

* * *

Masana onse anathera pa foni. Sitolo ina ya ku Ohio inali nayo yofanana ndi ya kufakitale, koma mtengo wake unaposa umene analipira powotcha mtembo. Ina inali ndi ya aluminiyamu, yotsika mtengo, yoti mwina akanaikwanitsa atagulitsa zida za bambo ake, koma ikanafika sabata yamawa, Lamlungu litadutsa. Mnyamata wina wa pa intaneti anati ali nayo, yabwinobwino, bola ndalama zitsogole. Chithunzi chake chinali cha rediyeta ya thirakitala.

Lachisanu m'mawa anapita kwa a Hoyt, ogula ndi kugulitsa magalimoto akufa kuseri kwa njanji. Anawapeza m'kaofesi kawo akuotha hita, mapazi ali pa batire.

"Mwana wa Tad. Pepa, mphwanga. Bambo ako anali wovuta pa mitengo, koma tiwasowa."

"Ndikufuna rediyeta ya GS."

A Hoyt anaseka mpaka kutsokomola. "Yomaliza ndinaigulitsa usanabadwe. Ukufunanso chiyani, mkazi wolemera?"

"Yathu yabedwa. Palibe amene wabwera kudzagulitsa?"

"Akanabwera nayo ndikanamupsompsona. Imeneyo siyosungunula. Ili ndi kachizindikiro ka kufakitale pambali pake. Anthu a ndalama ogula magalimotowa amabwera ndi tochi, kumagwada, kufuna chilichonse chikhale chimene galimoto inabadwa nacho. Kachizindikiro kakasowa, mtengo umagwa ngati munthu woledzera. Wakuberayo ali ndi galimoto yoti aikemo."

"M'tauni muno ma GS alipo angati?"

"Sindiwerenga za eni."

Corey anatulutsa thileyi ija m'chikwama n'kuiika pa tebulo mosamala, kuti mabawuti asasokonezeke. A Hoyt anaiyang'ana. Anatsitsa mapazi pa batire.

"Anasiya izi," anatero Corey.

"Aliyense ali ndi kasungidwe kake. Bambo ako ankaika m'zibowo za mbale yophikira makeke, mpaka mayi ako anatsala pang'ono kuwapha. Ine ndimaponya zonse m'chitini, mawa lake n'kumatukwana."

"Nanga wa thileyi ya mazira ndani?"

"Mazira amadya aliyense."

"Loweruka ku holo munakhala tebulo liti?"

"La kalabu. Ndikanakhala la ansembe?"

"Onse analipo?"

A Hoyt anayang'ana hita ngati yawalakwira. "Soseji inali yabwino," anatero. "Ndinadya ziwiri. Yanga, ndi ya mnzanga wa mpando woyandikana nawo, chifukwa inkazizira. Anafika anthu akumwa khofi, nthawi ya zolankhula itakwana."

"Ndani?"

"Kumzere wakumapeto uko kuli mapikapu akale. Tenga tepi ukayeze, mwina rediyeta ina ingakwane. Sindikulipiritsa."

"Ndakufunsani dzina."

"Ndamva. Ndine wokalamba, sindine gonthi. Pita ukayeze."

Corey anapitadi. Anatsegula maboneti adzimbiri imodziimodzi, udzu wouma ukumukwapula m'miyendo. Rediyeta ina inali yaifupi, ina inali ndi pakamwa kumbali yolakwika, ina inafumbutuka m'manja mwake ngati bisiketi. Ankayeza mosafulumira, chifukwa akamaliza panalibenso china chotsala koma kupita kumene sankafuna kupita. Ku holo kuja amene analankhula pomaliza anali munthu mmodzi. Analira mpaka mawu kutha, kenako anadzamukumbatira Corey pakhomo. Suti yawo inkanunkha kabati, koma manja awo ankanunkha sopo wa malalanje, uja amakaniko amachotsera girisi.

* * *

Galaja ya a Lyle inali yotsegula, ndipo munalibe galimoto. Pa simenti panali malo oyera pamene Buick yofiira inaima zaka zonsezo. Kukhoma kunali mulu wa mathileyi otuwa, otsala kuyambira nthawi imene a Donna ankagwira ntchito m'lesitilanti.

A Donna anali pampando wa pulasitiki padzuwa, bulangete lili m'miyendo. Atamuona anamwetulira.

"Tad. Wabwera wekha? Mwana wamusiya ndi ndani?"

"Ndine Corey, azakhali."

"Corey ndi khanda," anatero, akumuseka.

A Lyle anatuluka m'nyumba ndi kapu ya madzi ndi mapiritsi m'dzanja. Ataona thileyi m'manja mwa Corey sanaime. Anapita kwa akazi awo, anawamwetsa, anawapukuta pachibwano, ndiye n'kutembenuka.

"Ndinadziwa kuti ndaiwala chinthu," anatero. "Ndinazindikira ndili pa maikolofoni."

"Ili kuti?"

"Panjira ya ku Arizona, m'galimoto yanga imene ndagulitsa. Lole yotseka inabwera Lachitatu."

Corey anali atakonza mawu ambiri m'galimoto pobwera. Onse anamuthawa. "Munalira, amalume. Munanena kuti anali m'bale wanu."

"Anali m'bale wanga. Ndipo rediyeta ija inali yanga." A Lyle anakhala pa chidebe, mawondo akulira. "Inabadwira m'galimoto yanga. Chaka chimene anatichotsa ntchito koyamba, ya bambo ako inaphulika, ndipo imeneyo ndiyo inali galimoto yokhayo panyumba panu. Yanga inali pa majeki. Ndinazula ndikuwapatsa. Umu ndi mmene timachitira, palibe amalemba, palibe amafunsa. Ndikawakumbutsa ankati, udzaitenga ndikadzafa."

"Ndiye munamva kuti afa."

"Usatero."

"Nditero bwanji? Mukanandiuza."

"Ukanavomera?"

Corey anayang'ana thileyi imene inali m'manja mwake.

"Wogulayo anabwera ndi tochi," anatero a Lyle. "Anayang'ana paliponse, n'kupeza kuti pa rediyeta palibe kachizindikiro. Anati ndikaipeza yeniyeni agula, ndikapanda kuipeza ali ndi galimoto ina ku Indiana. Ndipo kunyumba yosamalira okalamba kwapezeka bedi la azakhali ako. Bedi silidikira, mwanawe. Sabata yatha anayatsa chitofu n'kuikapo nsapato zanga." Anayang'ana a Donna, amene ankapinda ndi kupindula ngodya ya bulangete. "Ndinapita kuchipatala kuti ndikawapemphe bambo ako. Ndinawapeza akupuma ndi makina. Ndinangokhala, tinaonera mpira."

"Mukanadikira mpaka Lolemba likubwerali. Masiku ochepa okha, amalume. Akanafika kaye."

"Lole inali ya Lachitatu. Ndinapempha, anakana."

"Ndiye munangosiya chibowo."

"Ndinkati ndiikemo imene ndinkayendera tsiku lomwelo, iwe usadziwe n'komwe. N'chifukwa chake mabawuti ndinawasiya m'dongosolo. Koma nthawi inatha, ankandidikira kuti ndilankhule. Ndinati ndibwera Lolemba. Iwe sunachoke panyumba. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinaima kukanjira kuja ndikuyang'ana nyali ya kukhitchini kwanu."

Anadzuka, anapita kuseri kwa benchi, n'kukoka rediyeta yakuda yopyapyala. Inali ndi zigamba za mtovu m'makona, ndipo timapepala take tachitsulo tinali topindikapindika.

"Iyi ndi imene ndinkayendera. Ndinaigula yotchipa kalekale, ndimati ya kanthawi kochepa. Ikwana, mabowo ake ndi omwewo. Tenga."

"Igwira?"

A Lyle anaipukuta fumbi ndi chikhatho. "Ine ndinkangoyendera m'mamawa kukuzizira, pamsewu waukulu. Ukamathamanga mphepo imaithandiza."

"Ulendo wa maliro sathamanga."

"Ndikudziwa."

Corey anaganiza za Ybarra. Dzina anali nalo tsopano, lenileni. Anaganizanso za Lamlungu, ndi manja ake omwe, amene ankadziwa kugwira tochi basi, chifukwa bambo ake sankalola munthu wina kugwira sipanala pa galimoto imeneyo. Ananyamula rediyetayo. Inali yopepuka mochititsa manyazi.

"Mawa m'mawa," anatero. "Mubwere ndi zida zanu."

"Tad," anaitana a Donna iye akutuluka. "Umuveke mwana chipewa, kukuzizira."

* * *

Loweruka anagwira ntchito osalankhulana kupatula zofunika. A Lyle anayala kakapeti kawo n'kugwada. Ankatambasula dzanja, Corey n'kuikamo bawuti yochokera m'thileyi, motsatana mmene inachotsedwera. Palibe imene inasowa. Anathiramo madzi obiriwira aja, n'kuonjezera a m'botolo ogula, chifukwa a Tad sanathirepo madzi a pampopi m'galimoto imeneyo, ngakhale kale madzi a ku Flint asanaipe n'kuyamba kudwalitsa anthu.

Injini inalira koyamba komwe. Galaja yonse inanjenjemera, mphaka uja n'kuthawira pawindo. Kamuvi kosonyeza kutentha kanakwera mpaka pakati n'kuima. Pansi panagwa dontho limodzi, kenako lina.

"Ukaona kakukwera, uyatse hita mpaka kumapeto," anatero a Lyle. "Imakoka kutentha. Kakafika pofiira, zimitsa. Wamva? Injini imeneyi sinatsegulidwepo chichokere kufakitale. Ukaiwotcha, watsala ndi chitsulo cha a Hoyt. Ndi chokhacho chimene akusiyira."

"Musandiuze zimene andisiyira."

A Lyle anapinda kakapeti kawo n'kupita.

* * *

Lamlungu kunacha kofunda, kopanda mphepo, ngati chilimwe chabwerera kudzatenga chimene chinaiwala. Magalimoto anadzaza bwalo la tchalitchi, ofiira, achikasu, akuda, onse opukutidwa. Amuna okalamba ovala majekete a kalabu ankabwera mmodzimmodzi kudzagogoda padenga la Buick, monga amachitira, n'kubwerera. A Lyle anabwera pa pikapu yawo n'kukaima kumapeto kwenikweni. A Donna anali pambali pawo atavala chipewa cha kutchalitchi.

Corey anaika kabokosi pampando n'kukamanga lamba. Ybarra anayatsa nyali za galimoto yake n'kunyamuka pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi mofulumira.

Mpaka pamsewu wa njerwa wa pakati pa tauni kamuvi kanali pakati. Anthu ochepa anaima m'mbali, ena anavula zipewa. Atadutsa mlatho kanayamba kukwera. Corey anayatsa hita. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso, thukuta linatsika m'khosi mwa shati la suti yake yobwereka. Anatsitsa mawindo onse. Anayandikira galimoto ya Ybarra kuti mwina aonjezere liwiro, koma Ybarra ankachita mwaulemu, monga amachitira pa maliro.

"Tatsala pang'ono, bambo," anatero.

Nyumba zinayamba kuchepa. Kunatsala masitepe a simenti okwera kopanda khomo, ndi mitengo yomera m'zipinda za anthu. Kamuvi kanagunda pofiira. Fungo lotsekemera linalowa m'galimoto, ndipo nthunzi inayamba kutuluka m'mphepete mwa boneti. Patsogolo, kumapeto kwa kachitunda, geti la fakitale linkaoneka, mizati iwiri ndi unyolo umene a kalabu anali atamasula m'mawa.

Dzanja lake linapita pa kiyi. Linakhala pomwepo. Kenako analibweza pa chiwongolero.

Injini inayamba kugogoda, poyamba pang'ono ngati munthu waulemu pakhomo, kenako ngati nyundo. Mphamvu inachepa. Corey anaponda mafuta, galimoto inalumpha kamodzi, n'kukwera theka la kachitundako. Kunamveka phokoso limodzi louma pansi pa boneti, ndipo zonse zinangoti zii. Matayala anagubuduka pang'ono pa miyala, n'kuima. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo, iye n'kuponda buleki.

Geti linali pafupi moti ankatha kuwerenga chikwangwani choletsa kulowa.

Kumbuyo magalimoto anaima imodziimodzi. Palibe amene anaimba hutala. Anazimitsa injini zawo, ndipo m'chetemo munkangomveka chitsulo chikuthetheka ndi madzi akuwira.

Corey anatembenuza kiyi. Injini sinazungulire n'komwe.

Ybarra anatsika n'kubwera pawindo. Anayang'ana nthunzi, anayang'ana kabokosi kali ndi lamba wake, n'kuvula chipewa.

"Pepani, achimwene," anatero. "Pali unyolo m'galimoto mwanga. Ndi pafupi, ndikhoza kukukokani."

"Ayi."

"Chabwino." Anaima pomwepo osadziwa chochita ndi chipewacho. "Mwaipeza kuti rediyetayi?"

Corey anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Kumapeto kwa mzere chitseko cha pikapu chinali chotsegula. A Lyle ankabwera m'mbali mwa magalimoto, chigubu cha madzi m'dzanja lililonse, akuthamanga mmene amathamangira munthu wopanda mawondo. Anali atazikonzeratu zigubuzo. Kumbuyo kwawo, pampando wa pikapu, chipewa cha kutchalitchi chinkatembenukira uku ndi uku, kufunafuna.

"Munati ndikapeza dzina ndikuuzeni," anatero Corey.

"Ndinatero."

"Lyle Dombrowski. Ndi awo akubwera ndi madziwo."

Ybarra sanatembenuke msanga. Anamuyang'ana Corey nthawi yaitali, ngati akumupatsa mpata woti abweze. Corey anayang'ana geti. Ybarra anavala chipewa chake.

A Lyle anafika akupuma movutikira. Anaika zigubu pansi n'kugwira chitseko kuti asagwe.

"Usatsegule boneti, mwanawe," anatero. "Dikira izizire. Ikuwotcha manja."